Dzina la a Zuze ndi Munda wa Mpunga wa ku Makhuwira

Ngabu, zaka zoyamba pa ntchito

Ana anga, za ubwana wanga ndizilumpha, chifukwa munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo anawonjezamo ndi zabodza zomwe. Chimene ndikufuna kulemba pano ndi chija mwakhala mukundifunsa mokwiya kuyambira muli kusekondale: n'chifukwa chiyani ndinakusiyani ku Chikwawa ndi bambo anu n'kukakhala ndekha ku Nsanje zaka zonse zija? Yankho lake ndi munda wa mpunga umene sunali wanga, wa munthu amene sanali mbale wanga n'komwe. Werengani mpaka kumapeto musanayambe kupukusa mitu.

Ntchito ndinayambira ku Ngabu, pa ofesi ina yothandiza alimi, ngati wotaipa. Anandilemba dzina la kwathu, Ndaziona Faifi. Nditakwatiwa ndi bambo anu ndinakapempha kuti andisinthe ndikhale Mayi Bizeki, koma wosunga mafailo anati kusintha dzina kumafuna kalata yopita ku likulu, ndipo kalata imeneyo ikugonabe kumeneko mpaka lero. Motero kunyumba ndinali amake Tamandani, kutchalitchi Mayi Bizeki, koma kuntchito ndinakhalabe N. Faifi mpaka tsiku lopuma.

Kompyuta itafika pa ofesi ija, amuna onse anaizungulira ngati ng'ombe yogula kumene, koma woikhudza panalibe. Amene anasankhidwa kukaphunzira ku Blantyre anadwala malungo sabata yonyamuka, ndiye bwana anati, "Tumizani wotaipayu, bola malo asapite pachabe." Umo ndi mmene ndinalowera ntchito yolemba mapulogalamu, osati chifukwa wina anaona nzeru mwa ine ayi. Ndinabwerako ndi buku limodzi lopanda chikuto. Kutentha kwa ku Ngabu mukukudziwa. Dzuwa likafika paliwombo kompyuta inkangozima yokha, ine n'kumapachika chitenje chonyowa pawindo kuti ipume. Magetsi akabwera, pulinta ilibe inki. Inki ikabwera, mapepala atha. Zonse zikapezeka, nyerere zamanga m'kati mwa bokosi. Ndikadandaula, ankati ndilembe kalata yopita ku likulu.

Makhuwira, chaka chimene anamwalira a Zuze oyamba

Patapita zaka anandisamutsira kutsidya kwa Shire, ku Makhuwira, pa sikimu ina ya mpunga wa mthirira. Lamulo la pamenepo linali losavuta kumva. Munda uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo azibwera kudzapala ngalande pamodzi ndi anzake. Munda umene mwini wake sakuoneka kungalande nyengo yonse, komiti imaulanda n'kuupereka kwa ena amene akudikira, ndipo odikirawo anali ambiri. Kapitawo ankalemba obwera, ine n'kumalowetsa mu pulogalamu imene inachokera ku likulu. Bwana wanga anali a Likaka, munthu wa malaya oyera ositidwa bwino ngakhale tsiku lopita m'matope. Sanali oipa mtima, ndisawanamizire. Vuto lawo linali loti chilichonse chochokera ku likulu ankachiopa ngati chatsika kumwamba.

Pano ndifotokoze pang'ono za ntchito yanga, ndipo iwe Tamandani usalumphe ndime ino monga umachitira. M'chilankhulo chimene tinkalembera mapulogalamu, cha Python, dzina la munthu limasungidwa ngati zilembo zondondozana, chimene ife a ntchitoyi timati sitiring'i. Sitiring'i ikangopangidwa sisinthikanso, ili ngati njerwa yootcha. Ukati uisinthe, kompyuta imangoumba ina yatsopano. Ndiponso sinyamula kanthu kena kupatula zilembozo. Sidziwa kuti mwini wake ndani, kapena kuti kale ankatchedwa ndani. Amene analemba pulogalamu ya ku likulu anamangirira chilichonse pa zilembo zimenezi: munda, masiku a kungalande, ngakhale zoti munthu ali moyo kapena ayi. Ndikukhulupirira kuti sanapondeko kuchigwa kuno, kumene munthu amabadwa ndi dzina lina, kuchinamwali n'kutenga lina, n'kudzaikidwa m'manda ndi linanso.

Ndiye kunamwalira a Zuze Alufandika, mkulu amene munda wake unali kumapeto kwa ngalande yaikulu. Ndinalowetsa mu kompyuta kuti atisiya. Atameta maliro, abale anakhala pansi monga mwa mwambo wawo n'kusankha mwana wa mlongo wa malemuwo, Lusiyano Thole, kuti alowe dzina. Kulowa dzina si kubwereka ayi. Kuyambira tsiku limenelo Lusiyano kunalibenso, kunali a Zuze Alufandika, ndipo udindo wonse wa amalume unagwera iwo: alongo, ana amasiye, ndi munda umene onsewo ankadyamo. Ngakhale mayi awo owabereka ankawaitana a Zuze. Bambowa sankajomba kungalande. Kapitawo ankalemba dzina limene wauzidwa, koma ine ndikalowetsa, kompyuta inkandikanira kuti womwalira sangapale ngalande. Ndikawalemba ngati munthu watsopano inkawalandira, koma opanda munda. Motero mundawo unkaoneka ngati wosiyidwa, ndipo nyengo ikatha unayenera kulandidwa.

Ndinawaitanitsa ku ofesi. Anabwera ndi matope m'miyendo, chipewa chili m'manja. "Bambo," ndinatero, "papepala pokha, bwanji muzinena kuti ndinu Lusiyano Thole? Tikulembeni mwatsopano, mupemphe mundawu."

"Ndipemphe munda wanga womwe, mayi?" anafunsa. "Nkhabe, sizingatheke. Dzina lija ndinavula pamaso pa mbumba yonse. Ndikalitolanso ndiye kuti ndawakana amalume, ndakananso ana awa. Makina anuwo muwauze kuti a Zuze alipo, akupala ngalande."

Ankanena zoona. Ndipo ngakhale akanavomera, dzina la Lusiyano likanakaima kumchira kwa odikira onse aja. Ndinapita kwa a Likaka. "Bwana, pulogalamuyi ikufuna kulanda munda wa munthu wamoyo."

"Mayi Faifi, munthu mmodzi, dzina limodzi," anayankha osakweza mutu. "Mukangolola zosinthasinthazo, mawa aliyense abwera ndi maina atatu kufuna minda itatu."

"Ineyo ndili ndi maina atatu, bwana, koma desiki ndili nayo imodzi."

Sanaseke. Anati za ku likulu sizikhudzidwa, ndipo ngati ndili ndi maganizo ndilembe kalata. Kalata! Ndinatuluka ndikung'ung'udza mpaka kumjigo. Koma mkwiyo utaphwa ndinaona kuti mantha awo anali ndi mutu wake. Dzina losinthika chisawawa limaitana akuba. Chimene chinkafunika ndi dzina loti lizitha kusintha, koma lisamaiwale kumene lachokera.

Chilimwe cha chaka chomwecho

Ndinaganiza zoumba changa. Mu ntchito yathu umatha kupanga chikombole chako, timati kilasi, n'kumaumbiramo zinthu za mtundu umene ukufuna. Changa ndinachitcha Dzina. Ndinkafuna kuti kunja chizioneka ngati sitiring'i wamba, kuti mbali zina za pulogalamu zisadabwe, koma m'kati chizinyamula katundu: maina akale a munthu, amene analowa dzina lake, ndi mboni zimene zinalipo. Ndinkalemba pa nthawi ya nkhomaliro, jenereta ikakhala ndi dizilo, ndipo nthawi zambiri inalibe. Intaneti yofunsira anzanga a ntchitoyi inkagwira pamalo amodzi okha, pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa ofesi, pamene mavu nawonso anamangapo nyumba.

Poyamba ndinamanga pamwamba pa sitiring'i ya kompyuta yomweyo n'kupachikapo katundu wanga. Zinayenda bwino mpaka tsiku limene a Likaka analamula kuti maina onse azituluka m'zilembo zazikulu, ati alendo amawerenga bwino choncho. Kompyuta pokulitsa zilembozo inaumba njerwa zatsopano monga mwa khalidwe lake, katundu yense n'kutsala pansi. Ntchito ya masabata angapo inapita chifukwa chokongoletsa pepala! Ndinamwa madzi, n'kuyambiranso. Ulendo uno ndinapanga ngati dengu: zilembo m'kati, katundu pambali pake, moti zilembozo ukhoza kuzichotsa n'kuikamo zina, dengu lili lomwelo. Koma dengu silidziwa kanthu. Ndinayenera kuliphunzitsa chimodzichimodzi zonse zimene sitiring'i imachita: kusindikizidwa, kuima pamzere motsata zilembo, kufufuzidwa, kudulidwa, kukulitsidwa katundu osagwa. Ukaiwala chimodzi, pulogalamu inkaima pakati pa ntchito, a Likaka n'kusuzumira pakhomo kufunsa ngati ndaiphanso kompyuta ya eni ake.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri chinabwera pomaliza. Nditayesa kusintha Lusiyano kuti akhale Zuze, munthuyo anasowa. Analimo ndithu, ukawerenga alimi onse anali okwana, koma ukamufuna ndi dzina lakale kulibe, ndi latsopano kulibenso. Ndinakhala masiku ndikulankhula ndekha ngati wamisala, mpaka bambo anu anandifunsa ngati kuofesi kuli amene wandilodza. Kenaka ndinazindikira. Kompyuta imaika chinthu chilichonse pa shelefu motengera zilembo zake, ndiye zilembo zikasintha imakafuna pa shelefu ina, mwini wake ali duu pa yakale. Mankhwala ake anali kupatsa dengu lililonse nambala yosasintha, kuti shelefu izitsata nambala, osati zilembo. Pamwamba pake ndinalemba lamulo limodzi lotchedwa lowa_dzina. Lamuloli linkakana kusintha dzina popanda mboni za m'komiti, linkalola munthu mmodzi yekha kulowa dzina la womwalira, ndipo munda unkatsata wolowayo. Akuba a a Likaka aja analibenso polowera.

Ndinawaonetsa ndili ndi chimwemwe cha mwana. Anayang'ana bwinobwino, anafunsa mafunso anzeru, kenaka anati, "Zabwino ndithu, mayi, koma chilolezo cha ku likulu zilibe. Zichotseni, tidikire yankho."

"Msonkhano wolanda minda ndi sabata yamawa, bwana."

"Ndiye ulandidwe. Likulu likadzavomereza, adzadandaule."

Munda ukaperekedwa kwa wina, winayo n'kuwokeramo mpunga wake, subwereranso. Izi a Likaka ankazidziwa monga ine ndemwe.

Tsiku la msonkhano

M'mawa umenewo ndinali ndi mapulogalamu awiri pa kompyuta imodzi. Ndikasindikiza ndi yakale, munda wa a Zuze ulandidwa, ine ntchito yanga ili bwinobwino, madzulo ndikudya nanu. Ndikasindikiza ndi yanga, munda utsala, koma ndaphwanya lamulo la bwana pamaso pa mlendo wa ku likulu amene anabwera kudzaonerera msonkhanowo. Musaganize kuti mayi wanu anali wolimba mtima. Ndinaganizira za inu, makamaka iwe Chifundo, amene unali utangoyamba kumene sukulu. Koma pawindo ndinkaona alongo awo a a Zuze atakhala pansi pa shedi, ana ali kumsana, atalawirira kudzamva za munda wawo kuchokera m'bokosi limene ineyo ndinkalidyetsa bodza loti mwini munda kulibe. Zinandinyansa. Ndinasindikiza ndi yanga.

Wapampando wa komiti anawerenga minda yolandidwa, wa a Zuze panalibe. Pa pepala la eni minda panalembedwa kuti Zuze Alufandika, amene kale anali Lusiyano Thole, analowa dzina la amalume ake, ndi maina a mboni pansi pake. Wapampandoyo, amenenso anali mmodzi mwa mbonizo, anangoti, "Ndi momwemo," anthu n'kuvomera. Komiti inasaina, ndipo zimene komiti yasaina pamaso pa alimi ngakhale likulu silikanazifafaniza. Mlendo uja anatembenuza pepala uku ndi uku. "Mzere uwu pulogalamu yathu situlutsa. Wakhudza ndani?" A Likaka anayang'ana nsapato zawo. Ndinaimirira n'kunena kuti ndine.

Anthu akubalalika, a Zuze anandipeza pakhonde. "Takhuta, mayi," anatero pothokoza, akuwomba m'manja. Ndinawayankha mwaukali kuti apite akapale ngalande yawo, chifukwa ndinali nditadziwa kale chimene chikubwera. Likulu lija, limene zaka zonse silinayankheko kalata yanga ngakhale imodzi, ulendo uno linalemba mwezi usanathe.

Kwa Malemia, mpaka kupuma

Sanandichotse ntchito. Anati luso langa likufunika ku Nsanje, pa kaofesi kena kwa Malemia kumene kunalibe ngakhale kompyuta. Ndinakapeza taipi yakale, yofanana ndi imene ndinayambira ku Ngabu. Bambo anu ntchito yawo inali ku Chikwawa, sukulu yanu inali komweko, ndipo kanyumba kamene anandipatsa mvula ikagwa ndinkagona nditatsegula ambulera. Tinagwirizana kuti mutsale. Ndinkabwera mwezi ukatha, msewu ukalola, pa matola ndi pa kabaza, n'kufika fumbi lili mpaka m'makutu. Tamandani analemba mayeso ine kulibe. Chifundo anadwala chikuku, ine n'kudzamva atachira. Tsiku lina ndikutsika pa kabaza, iwe Chifundo unathamangira kuseri kwa azakhali ako n'kumandiyang'ana ngati mlendo. Zimenezo zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe.

Anandiuza kuti ndikalemba kalata yopepesa akhoza kundibweza. Ndinali nditalemba makalata okwana pa moyo wanga, imeneyo sindinalembe. Ndinamva kuti anatumiza munthu ku Makhuwira kukazula Dzina mu pulogalamu, koma anapeza kuti linazika mizu paliponse, akalizula zonse zinkaima. Ndiye anangolisiya momwemo n'kubisa katundu wake kuti asamaoneke pa galasi la kompyuta. Ndinaseka ndekha pa taipi panga, koma kuseka kwake kunali kowawa.

Chaka chatha

Nditapuma tinabwerera ku Ngabu. Chaka chatha, ndikusankha nyemba pakhonde, panatsika pa kabaza bambo wina wa zaka zapakati amene sindinamuonepo. Atapereka moni anati, "Ine ndine Zuze Alufandika."

"A Zuze ndimawadziwa," ndinatero, "si inu."

"Amene mumawadziwawo anatisiya, mayi. Ndalowa ndine, mwana wa mlongo wawo. Koma kuofesi akuti mwini munda anamwalira, ine sakundidziwa, ndipo komiti yatsopano ikufuna ione za m'makina isanandivomere. Amalume anasiya mawu kuti zikadzavuta ndidzafune mayi wa makompyuta."

Ndinataya lichero pansi. Zomwe zija! Munda womwe uja, ngalande yomwe ija, ndipo ine nditaperekera zaka za ana anga! Mawondo anga sakufunanso maulendo, koma m'mawa mwake tinawoloka Shire. Pa geti mlonda anandilembetsa m'buku la alendo, ndinalemba Mayi Bizeki. A Likaka anapuma kalekale. Pa desiki imene inali yanga panali mtsikana wophunzira bwino, waulemu wake, amene anatifotokozera modekha kuti pulogalamu silola kusintha dzina. Ndinamupempha kuti atsegule m'kati mwa pulogalamuyo, afufuze mawu oti Dzina. Anandiyang'ana modabwa, koma poti ndine wamkulu anatsegula. Chikombole changa chinali pomwepo, chosasunthika, ndipo pamwamba pake wina anali atalemba chenjezo: "Sitikudziwa kuti izi zimachita chiyani. Musakhudze."

Ana anga, ndinafuna kugubuduza desiki. Zaka zonsezi anthu akhala akulambalala chinthu chimene chinapangidwira vuto lomweli, ngati akulambalala manda! Ndinauza mtsikanayo kuti afunse dzina la a Zuze kuti linene maina ake akale. Analemba, ndipo pa galasi panatuluka zonse: Zuze Alufandika, amene kale anali Lusiyano Thole, analowa dzina la amalume ake, mboni akuti ndi akuti. Mwanayo anali wochangamuka. Zimene ine zinanditengera chilimwe chonse iye anazimvetsa madzi ali pamoto asanawire, ndipo lowa_dzina analipeza yekha. Analiyesa, pulogalamu inafunsa mboni. A komiti awiri anali panja, anaitanidwa, anawerenga pa galasi kuti mundawu unayendapo kale njira yomweyi, ndipo anavomera. Pepala litatuluka, a Zuze atsopano analigwira ndi manja awiri. Munda unatsala m'manja mwa mbumba.

Mtsikana uja anali akuyang'anabe pa galasi. "Komatu amene analemba izi ankaganiza," anatero. "Apa pamwamba alemba N. Faifi. Bambo amenewa munkawadziwa, mayi? Kapena anamwalira?"

Ndinatenga ndodo yanga n'kuimirira pang'onopang'ono, chifukwa mawondo anali atauma.

"Sanamwalire, mwanawe," ndinamuuza. "Anangosintha dzina."